Mafunso Anu: Thumba, Chigubu ndi Tayala Zisanapite Kudzala

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kuchigwa, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Onse akufunsa za katundu wakutha amene wangoti mbwee kuseri kwa nyumba: matumba obooka, mabotolo, zigubu, matayala, maneti ndi nsanza. Oyankha ndi alangizi athu a zaulimi ndi a zaukhondo wa pakhomo.

FUNSO: Ndili ndi matumba ambiri akale a feteleza ndi a chimanga. Nditamva kuti ndiwo zamasamba zimalimidwa m'thumba, ndinadzaza limodzi ndi dothi la kumunda, n'kubzala repu pamwamba ndi m'mbali. Wa pamwamba anagwira, wa m'mbali anafota yense, ndipo miyezi iwiri isanathe thumba linaphulika. Ndinalakwitsa pati?
Mayi wa ku Ngabu

YANKHO: Mayi, vuto lagona padothi ndi padzuwa. Dothi lakuda la makande, lomwe ndi lochuluka ku Ngabu, likanyowa limamata, likauma limalimba gwa n'kuchita ming'alu. Mukalipanikiza m'thumba, madzi othira pamwamba amangoima pakamwa pa thumbalo, kapena amatsata mng'alu umodzi n'kukatulukira pansi. Mizu ya mbande za m'mbali sinalaweko madzi, n'chifukwa chake zinafota.

Dothi la m'thumba lichite kusakanizidwa. Tengani miyezo iwiri ya dothi lapamwamba, monga la pansi pa mtengo, muyezo umodzi wa manyowa owolerana a mbuzi kapena ng'ombe, ndi muyezo umodzi wa mchenga wa kumtsinje. Thumba la makilogalamu 50 limadya pafupifupi ndowa zitatu za malita 20 za chosakanizachi. Manyowa owolerana amakhala akuda, ofumbutuka, osanunkha khola. Aawisi amatentha m'thumba n'kupsereza mizu. Thumba la feteleza mulichape kaye, ndipo ngati n'lobooka kwambiri lilowetseni m'linzake kuti akhale awiri.

Chimene ambiri amachidumpha ndi mtima wa miyala pakati pa thumba. Dulani botolo la malita 2 kumutu ndi kumatako kuti likhale ngati paipi. Thirani dothi lokwana chikhatho chimodzi pansi pa thumba, imikani botololo pakati, lidzazeni ndi timiyala, kenako thirani dothi mozungulira. Kokani botolo m'mwamba, miyala itsale, mulidzazenso. Pitirizani chomwecho mpaka kukamwa kwa thumba. Kumene miyala imasowa, zidutswa za njerwa zootcha kapena mapale zimagwira ntchito yomweyo. Madzi muzithira pamiyalapo. Amatsika ndi mtimawo n'kumafalikira m'mbali kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Mukadzaza, thirirani kwambiri ndipo mulisiye masiku atatu kuti dothi likhazikike. Mukafulumira kubzala, dothi potsika limakoka mbande n'kuzithyola khosi. Pambuyo pake chekani timabowo ta masentimita 3, motalikirana masentimita 15, mizere itatu, bowo la mzere wapamwamba lisayang'anizane ndi la pansi pake. Mzere woyamba uyambire masentimita 15 kuchokera pansi. Bowo lalikulu ndi limene limayambitsa kung'ambika. M'bowo lililonse mumalowa mbande imodzi, pamwamba zitatu kapena zinayi. Wokerani madzulo.

Tsono za dzuwa. Ulusi wa matumbawa ndi pulasitiki, ndipo dzuwa la kuchigwa limaufumbutsa mpaka umangosanduka ufa. Kulungani thumba ndi mphasa yakutha, udzu kapena chitenje chakale, n'kusiya mipata pomwe pali mbande. Liimikeni kum'mawa kwa nyumba, kumene lipeze dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana. Khomani zikhomo zitatu kulizungulira kuti lisapendeke, ndipo likhale panjerwa kuti madzi otsala azituluka. Nyengo yozizira malita 3 patsiku amakwana. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, thirani malita 5, theka m'mawa theka madzulo.

Repu, chainizi ndi mpiru n'zabwino kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kukatentha musalimbane nazo: bzalani bonongwe, chitambe, denje kapena kholowa. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo thirani ndithu, koma a sopo wambiri wa ufa kapena a Jik ayi. Mbuzi nazo musaziiwale, poti chilimwe zimayenda momasuka. Popanda mpanda wa minga kapena neti yakale, thumba lonse limatha m'mawa umodzi.

FUNSO: Ndinabzala mango ndi tomato pakhomo. Pofuna kusunga madzi, ndimazondotsa botolo loboola pachitsekerero pafupi ndi mbewu. Botolo lina limatha pamphindi zochepa, lina limakhala masiku osatsika. Komanso pamwamba pa dothi payamba kuyera ngati pathiridwa mchere. Madzi timatunga pamjigo.
Bambo wa ku Nchalo

YANKHO: Bambo, botolo lozondotsa limavuta chifukwa bowo limakhala loloza pansi, matope amalitseka. Likakhala lotseka kumatako, mpweya sulowa, madzi satuluka. Dzuwa likaomba, mpweya wa m'katimo umafufuma n'kukankha madzi masana, nthawi imene amauma msanga. Ndiye musamalizondotse. Likwirireni choimirira.

Tenthetsani singano pamoto, mubooleni timabowo titatu kapena tinayi mbali imodzi yokha, masentimita 3 kuchokera pansi pa botolo. Msomali umaboola bowo lalikulu, ndiwo mabotolo amene akukutherani pamphindi zochepa aja. Valikani botolo sokosi yakutha kapena kansanza kuti dothi lisatseke mabowo. Kumbani dzenje masentimita 10 mpaka 15 kuchokera patsinde la tomato, kwirirani botolo mabowo ataloza kumbewu, khosi lokha litsale kunja. Chitsekerero ndicho mpopi wake: mukamanga kwambiri madzi amaima, mukamasula pang'ono amadontha. Yesani musanakwirire. Botolo la malita 2 lizitha patsiku limodzi, osati paola limodzi. Tomato mmodzi akakula n'kuyamba kubereka nthawi yotentha amafuna botolo limodzi lodzaza tsiku lililonse.

Mango akufuna chigubu cha malita 5, chobooledwa ndi kukwiriridwa chimodzimodzi, pamtunda wa masentimita 30 kuchokera patsinde, chodzazidwa kawiri kapena katatu pasabata. Mtengo ukamakula muzisuntha chigubu kupita kunja, kulondola pamene pathera nthambi, chifukwa mizu yomwa madzi ili kumeneko. Chigubu chikakhala malo amodzi chaka chonse, mizu imaunjikana pomwepo ndipo mtengo sugwira nthaka mokwanira.

Choyera chimene mukuchiwonacho ndi mchere ndithu. Mijigo yambiri ya kuchigwa ili ndi madzi amchere. Madzi akamauma, mchere umatsala, ndipo kuthirira pang'onopang'ono kumauunjika m'mphepete mwa dothi lonyowalo. Chizindikiro pambewu ndi masamba opserera m'mphepete pamene dothi lili lonyowa. Palani choyeracho ndi kukachitaya kutali, musachigaulire pansi. Kamodzi pamasabata awiri thirani ndowa yathunthu patsinde kuti mchere utsike kupitirira mizu. Ngati mungapeze madzi a mumtsinje kapena a mvula, agwiritseni ntchito pakutsuka kumeneku. Phimbirani dothi ndi mapesi kapena udzu wouma, chifukwa dothi lophimbira siliuma msanga ndipo mchere sukwera. Zophimbirazo zisakhudze tsinde, siyani mpata wa chikhatho, kuopa chiswe.

Mtsuko wadothi wochita kamng'alu kakang'ono, umene sungasungenso madzi akumwa, umaposa botolo. Ukwirireni mpaka m'khosi, mudzaze madzi, muvundikire ndi phale. Dothi likauma limayamwa madzi kudzera m'dongo, likanyowa limaleka lokha. Mtsuko umodzi umamwetsa tomato atatu kapena anayi ozungulira.

FUNSO: Amuna anga amalima thonje ndipo mabotolo a mankhwala opopera achuluka. Ndi olimba, otseka bwino. Ndikawatsuka ndi sopo ndi madzi otentha, kodi sindingasungiremo mchere kapena mafuta ophikira? Ndikufunanso limodzi ndipangire mpondagiya.
Mayi wa ku Miseu Folo

YANKHO: Ayi, mayi, chonde musatero, ngakhale mutatsuka kakhumi. Mankhwala a thonje monga cypermethrin ndi dimethoate amalowerera m'pulasitiki momwemo. Fungo likhoza kutha koma poizoni atatsala, ndipo mafuta ophikira ndiwo amamutulutsa mosavuta. Botolo lotere lisasungire chakudya, madzi, mkaka kapena mowa. Lisakhale chomwera nkhuku, choseweretsa mwana ngakhalenso mpondagiya, popeza madzi ake amakathera m'manja odyera nsima.

Botolo likangotha, amuna anu alitsuke kumunda komweko katatu. Athire madzi kufika gawo limodzi mwa magawo anayi a botolo, atseke, akhutchumule kwa theka la mphindi, n'kukhuthulira madziwo mu sipuleya kuti akapopere m'munda wa thonje. Akatero katatu, aliboole kumatako ndi m'mbali kuti wina asadzalitole. Asalitenthe, chifukwa utsi wake ndi woopsa, ndipo asalitaye mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Mabotolo obooledwawo muwamange m'thumba, muwasunge kumene ana ndi ziweto safika, ndipo mufunse mlangizi wa zaulimi wa dera lanu kapena kumene munagula mankhwalawo za kokawasiya. Zigubu za petulo, dizilo ndi oilo nazonso sizosungiramo madzi akumwa.

Chigubu choyenera ndi chimene munali mafuta ophikira kapena chakumwa. Pochotsa mafuta, thiranimo phulusa lodzaza manja awiri, mchenga pang'ono ndi madzi ofunda, khutchumulani kwambiri, kenako tsukani ndi sopo mpaka chileke kuterera. Mafuta otsalira amasasa ndi kutentha n'kununkhitsa madzi.

Mpondagiya amafuna chigubu cha malita 5 chokhala ndi chogwirira. Tenthetsani msomali, boolani bowo limodzi kumaso kwa chigubu, masentimita 3 m'munsi mwa chitsekerero, mbali yotalikirana ndi chogwirira. Boolaninso kabowo kena pamwamba pa chogwirira kuti mpweya uzilowa, apo ayi madzi azituluka modukiza. Zikani mitengo iwiri ya mphanda, motalikirana masentimita 70, mphanda zikhale pamsinkhu wa chifuwa cha munthu wamkulu. Lowetsani mtanda m'chogwirira n'kuupachika pamphandapo. Mangani chingwe pakhosi pa chigubu, mbali inayo mumange kumutu kwa kamtengo kotalika mita imodzi, kamutu kake kalendewere masentimita 15 kuchokera pansi. Mukaponda, chigubu chimawerama, madzi n'kutuluka. Chingwe chikatalika chigubu sichiwerama, chikafupika madzi amangotayika okha.

Pansi pake kumbani kadzenje n'kudzazamo miyala kapena zidutswa za njerwa, kuti pasachite chithaphwi. Sopo mumuboole pakati, mumumange pachingwe, pamwamba pake muvindikire kachitini kozondotsa kuti mvula ndi mbuzi zisamuthe. Sopo akasowa ikanipo phulusa. Muimike pamthunzi, pafupi ndi khomo la chimbudzi. Padzuwa chigubu chimauma n'kusweka, ndipo madzi amatentha mwakuti ana amawathawa. Amene anaona kolera ya 2022 ndi 2023 akudziwa kuti kachigubu aka si kokongoletsera pakhomo: kakhale ndi madzi tsiku lililonse.

FUNSO: Ndili ndi matayala anayi a minibasi. Ena akuti ndiwaike padenga kuti malata asauluke, ena akuti ndibzalemo ndiwo.
Mnyamata wa ku Dyeratu

YANKHO: Achimwene, padenga ayi. Tayala la padenga limasunga madzi a mvula, malata amachita dzimbiri pomwe lakhalapo, ndipo mphepo yamkuntho ikazula denga tayalalo limagwera anthu. Denga limalimba ndi misomali yokwanira ndiponso waya womanga mitengo ya denga kukhoma.

Tayala lililonse losiyidwa panja limaswetsa udzudzu. Udzudzu wa malungo umakonda kwambiri zithaphwi zapansi, koma m'matayala mumaswana mitundu ina yoluma, ndipo kukatentha dzira limasanduka udzudzu wouluka pasabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Choncho ntchito yoyamba ndi kuboola mabowo anayi kapena asanu m'mbali imene igone pansi. Musanapise dzanja, ligubuduzeni kaye ndi mtengo, poti njoka ndi zinkhanira zimakonda kubisala m'menemo.

Pobzalamo, chekani mbali yapamwamba yonse mozungulira ndi mpeni wakuthwa woviika m'madzi a sopo. Chekani m'mbali mofewamo, chifukwa popondera pansi ndi m'mlomo mwa tayala muli mawaya. Mukasiya mbaliyo, malo obzala amachepa ndipo dothi la m'mphepete silinyowa. Mphira wakuda amatentha kwambiri padzuwa mpaka kuphika mizu, ndiye pakani laimu kunja kwake kapena mulikwirire theka m'nthaka. Ife tikuona kuti tayala limagwira bwino ntchito potchinjiriza mtengo waung'ono, pofesa mbande ndi pobzala maluwa, kusiyana ndi kulimamo ndiwo chaka ndi chaka. Ndiwo zisiyireni thumba.

Awiri mukhoza kuwasanjikiza, kumanga ndi waya, n'kuikapo thabwa pamwamba kuti ukhale mpando wa pakhonde. Mbali zimene mwachekazo musataye: amisiri amapangira nkhwaira, komanso zimakhala mahinjesi a chitseko cha khola. Kutentha tayala, kaya pofuna mawaya kaya pootcha njerwa, kumatulutsa utsi wowononga mapapo.

FUNSO: Talandira maneti atsopano. Akale atatu ndingawapatse ana azikaphera nsomba kudambo?
Agogo a ku Makhanga

YANKHO: Agogo, musawapatse. Kupha nsomba ndi neti ya udzudzu n'koletsedwa, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Maso a neti ndi aang'ono kwambiri, amakokolola tiana ta nsomba ndi mazira omwe, ndiye makakana ndi milamba ya chaka chamawa imathera m'mbale ya lero. Mankhwala a munetimo ndi poizoni kunsomba.

Yambani mwaona ngati pakhomo pali malo ogona opanda neti. Ngati alipo, neti yokhala ndi mabowo ochepa isokedwe, munthu azigonamo. Yothaitha ndiyo muidule: khomani pamawindo ndi timatabwa, tsekani mipata ya pakati pa khoma ndi denga, phimbirani nazale kuti nkhuku ndi ziwala zisathe mbande, kapena tchingirani anapiye kuopa akabawi. Panazale, neti ikhale pamitengo yopinda ngati uta, isagone pamasamba. Musayanikepo nsomba, ufa kapena mfutso, ndipo zidutswa zotsala musazitenthe.

FUNSO: Madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatitengera mbewu zonse zimene tinasunga m'zikwatu ndi m'matumba. Tsopano ndikufuna ndizisunga m'mabotolo a pulasitiki. Koma mnzanga anatero ndi khobwe, potsegula anapeza wachita nkhungu.
Bambo wa ku Bangula

YANKHO: Bambo, maganizo anu ndi abwino. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo botolo lotseka bwino sililowa madzi, limayandama, limanyamulika pothawa. Khobwe wa mnzanuyo anaikidwa asanaumitsitse. Mbewu ndi yamoyo, imapuma. Ikatsekeredwa ili ndi chinyezi, imachita thukuta m'botolo, nkhungu n'kumera.

Yanikani mbewu pamphasa masiku angapo, muzitembenuza. Musayanike pamalata kapena pasimenti yotentha masana, chifukwa kutentha koteroko kumapha mbewu ngakhale ikuoneka yabwinobwino. Poyesa ngati yauma, tengani botolo lagalasi louma, thiranimo mbewu kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masipuni awiri kapena atatu a mchere wouma, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi. Lisiyeni mphindi 15, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mbewu sinaume. Ukangogwera pansi, yauma. Mcherewo muyambe mwauyanika kapena kuukazinga, poti wonyowa umanamiza.

Botolo losungira litsukidwe ndi kuuma masiku awiri lili chozondoka. Dontho limodzi lotsalira limawononga botolo lonse. Dzazani mbewu mpaka m'khosi, mukugogoda pansi kuti ikhazikike. Botolo lodzaza limakhala ndi mpweya wochepa, ndipo anankafumbwe amene analowa ndi mbewu amafa mpweyawo ukatha. Losadzaza limawapatsa mpweya wokwanira kuti aswane. Ngati mbewu ndi yochepa, pezani botolo laling'ono kapena dzazitsani ndi phulusa losefa louma. Ikani kapepala ka pulasitiki pakamwa musanamange chitsekerero, kenako matani ndi phula la kandulo. Musamatsegule kuti muone, chifukwa kutsegula kulikonse kumalowetsa mpweya watsopano. Musanatseke, lembani dzina la mbewu ndi mwezi pakapepala, mukaike m'kati moonekera.

Posungira pamafuna nzeru. Pansi pamafika madzi, kudenga la malata kumatentha mopha mbewu. Ikani mabotolo m'ndowa ya chivundikiro, muipachike pakhoma la m'kati mwa nyumba pamsinkhu wa phewa, kutali ndi moto. M'ndowa yomweyo mukhoza kusungamo ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi a ana, zitakulungidwa m'pulasitiki. Zigubu zopanda kanthu musazidalire ngati chowolokera madzi osefukira: chitsekerero chimafwamphuka, chingwe chimaduka, ndipo madzi othamanga amagubuduza munthu.

Mapira, mchewere, khobwe, chitowe, therere ndi maungu zimasungika bwino motere. Chimanga cha haibulidi chobwereza sichibereka ngati choyamba. Kutatsala masabata awiri kuti mubzale, tengani njere 20, zikulungeni m'kansanza konyowa, muwerenge zomera pakatha masiku 7. Zikamera 16 kapena kuposa, mbewu ili bwino. Zikachepera, onjezani njere paphando kapena funani mbewu ina nthawi ikadalipo.

FUNSO: Nkhuni zikuvuta kuno ndipo makala akwera mtengo. Ndamva kuti nsanza zimaphika nyemba. N'zoona?
Mayi wa ku Nsanje Boma

YANKHO: N'zoona, mayi, ngakhale kuti nsanzazo sizibweretsa moto. Ntchito yake ndi kusunga kutentha kumene poto watenga pamoto, kuti chakudya chipitirize kupsa chokha.

Pezani dengu lakale kapena katoni yaikulu kuposa poto wanu. Yalani nsanza, bulangete lakutha kapena masamba ouma a nthochi, zokhuthala masentimita 10 pansi. Ikani poto pakati, panikizani nsanza zina mozungulira, zokhuthala chimodzimodzi, kenako chotsani poto kuti patsale chisa chake. Yalani chitenje chakale m'chisamo. Sokani pilo wodzaza nsanza kapena mankhusu a mpunga woti azitseka pamwamba popanda mpata. Nsalu za nayiloni ndi matumba a pulasitiki zisakhudze poto, zimasungunuka.

Nyemba kapena khobwe muviike usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, muwiritse kwambiri kwa mphindi 20 mpaka 30. Kuwiritsa kumeneku musakudule, chifukwa nyemba zosawira mokwanira zimapweteka m'mimba. Phulani poto ali chiwirire, osavundukula, mulowetse m'chisa, tsekani ndi pilo. Pakatha maola atatu kapena anayi zapsa. Mpunga umafuna kuwira mphindi 5 ndi kukhala m'dengu mphindi 45, ndipo madzi ake muchepetseko pang'ono popeza sauma ngati pamoto. Nsima yokha ndiyo siitheka, imafuna mthiko.

Zikakanika kupsa, kawirikawiri chifukwa chake ndi chimodzi mwa izi: poto anali wosadzaza, chivundikiro chinali chosakwana, wina anasuzumiramo, kapena nsanza zinali zonyowa. Poto adzaze kupitirira theka, makamaka magawo atatu mwa anayi, poti chakudya chochepa chimazizira msanga. Nsanza muziyanika padzuwa mukatha kuphika. Chakudya chikakhalamo kupitirira maola asanu chimangofunda, ndipo m'chakudya chofunda tizilombo timaswana msanga, makamaka kotentha ngati kwanuko. Chotero chibwezereni pamoto chiwire musanadye.

FUNSO: Mabatire a tochi akatha timawaswa n'kutenga chakuda cha m'kati kuzirira pakhonde. Ndilinso ndi batire ya sola yakufa, ana akufuna achotsemo mtovu wopangira zolemetsa mbedza.
Mayi wa ku Chapananga

YANKHO: Zonse ziwiri zilekeni, mayi. Chakuda cha m'batire ya tochi ndi mankhwala, ndipo khonde ndi pomwe mwana amakwawa n'kumaika zala m'kamwa. Pofuna kuda, sinjani makala kapena gwiritsani ntchito dothi lakuda la kudambo. Mabatire akutha muwasonkhanitse m'chigubu chotseka pouma, asapite kudzala limene mudzatapepo manyowa.

Batire ya sola kapena ya galimoto ndiyo yoopsa koposa. Madzi ake ndi asidi wootcha khungu ndi kuchititsa khungu m'maso. Mtovu ukasungunulidwa umatulutsa utsi ndi fumbi lowononga ubongo wa ana, ndipo kuwonongeka kumeneko sikubwerera. Fumbilo limatsala m'dothi la pabwalo zaka zambiri. Batireyo isatsegulidwe, isapendekeke, ikhale choimirira pathabwa, pamthunzi, kumene ana safika. Ogulitsa mabatire ndi ogula zitsulo zakutha amagula mabatire akufa, ndiye igulitseni yathunthu, madzi ake ali momwemo. Asidi akadontha pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala.